Bwalo la Kiriketi la ku Bulawayo ndi Bwalo Lathu la Pasukulu

 

Pa msonkhano wathawu tinagwirizana kuti aliyense azibwera ndi mutu wake. Anzanga ena analankhula za manyowa, ena za mtengo wa nandolo ndi fodya. Ine ndasankha bwalo la masewera a kiriketi, ndipo ndikuona ena ayamba kale kumwetulira. Mlimi wa mpunga wa kuno ku Mecanhelas ndi kiriketi zikumana pati? Mundibwereke makutu pang'ono. Nkhaniyi ndi ya nthaka, ndipo za nthaka tonse pano tikuzidziwa.

Ndiyambe ndi masewerawo, chifukwa ambiri timangomva pa wailesi manambala akuwerengedwa osadziwa kuti nchiyani. Matimu amakhala awiri, anthu 11 mbali iliyonse ngati mpira wamiyendo. Pakati pa bwalo pali kanjira kosalala, mamita 20 m'litali, mamita atatu m'lifupi. Kumapeto konse kuwiri amazika tizikhomo titatu. Wina amaponya mpira wolimba wachikopa, wolemera magalamu 160 kapena kuyandikira pamenepo, kufuna kugwetsa tizikhomo tija. Mnzake amatchinga ndi thabwa, ndipo akaumenya bwino amathamanga kukafika mbali inayo. Kuthamanga kumodzi ndiye rani imodzi. Mpira ukagubuduka mpaka kumalire a bwalo ndi marani anayi, ukauluka m'mwamba kudutsa malire ndi marani 6. Tizikhomo tikagwa, kapena mpira ukawakhidwa usanagwe pansi, womenya uja watuluka. Akatuluka anthu khumi, matimu amasinthana. Kuponya ka 6 amati ova. Masewera aatali kwambiri amatchedwa Test ndipo amatenga mpaka masiku asanu. Pali ena a tsiku limodzi, maova 50 mbali iliyonse, ndi ena afupi a maova 20 omwe amatha m'maola atatu.

Tsono mumve apa. Woponya uja nthawi zambiri saponya mpira molunjika m'mwamba ayi, amaumenyetsa pansi kaye kuti unjanje. Ndiye kuti dothi la pakanjira kaja ndilo limalamula masewera onse. Amalikonza ndi dothi lolemera lomata, lofanana ndi makande athu a kudambo. Amalithirira, kulipsinja ndi chigudumu cholemera, kumeta udzu mpaka pansi, kulisiya liume, ndipo mvula ikamabwera amalifunditsa. Likasewereredwa masiku angapo limayamba kung'aluka monga amachitira makande mwezi wa October, ndipo mpira ukagwa pamng'alu umakhota, womenya nkusokonezeka. Atsogoleri a matimu asanayambe amapita kukaliyang'ana dothilo, ena amaligwira ndi manja, ngati mmene timachitira ife tikafuna kudziwa ngati chinyezi chakwana kuti tibzale. Ndiye ine ndimati munthu wofunika kwambiri pabwalo la kiriketi ndi mlimi, kungoti saoneka pa chithunzi.

Bwalo limene ndikufuna tilione lili ku Bulawayo, mzinda wachiwiri wa dziko la Zimbabwe, ndipo dzina lake ndi Queens Sports Club. Ndasankha limeneli chifukwa Bulawayo si malo achilendo kwa ife. Ndani pano alibe agogo kapena amalume amene anapita ku Rhodesia? Nthawi ya Apwitikizi anthu ankathawa chibalo ndi thonje lokakamiza, kuwoloka malire kulowa ku Nyasaland, nkupitirira kummwera pamodzi ndi anzathu a ku Zomba ndi Mulanje. Ena anakalowa m'migodi, ena m'mafamu a fodya, ena pa njanji, poti likulu la sitima za pamtunda za Rhodesia linali ku Bulawayo komweko. Ankagona m'makomboni ngati Makokoba. Ambiri sanabwerere, ndiwo machona aja, ndipo mpaka lero kuli mabanja olankhula Chinyanja ndi ovina gule wamkulu.

Bulawayo unali mzinda wa mfumu Lobengula ya Amandebele. Asilikali a kampani ya Cecil Rhodes anaulanda mu November 1893, ndipo azungu atayamba kumanga tauni yawo sanachedwe kupatula malo a masewera. Liwu loti Queen ndiye kuti mfumukazi, ndipo masiku amenewo ku Britain kunkalamula Mfumukazi Victoria. Taonani nzeru yake. Anthu angofika kumene, nyumba zambiri zikadali zamalata, koma bwalo apatula kale, malire aika. Kulanda kwawoko sindikukuyamikira, mundimvetse. Ndikungonena kuti ankadziwa kuti malo ukapanda kuwapatula pachiyambi, mawa upeza pamangidwa sitolo.

Zaka zambiri makalabu amenewa anali a azungu okhaokha. Munthu wakuda ankalowa ndi khasu, chikwakwa kapena thireyi ya tiyi. Kuthirira, kutchetcha ndi kukoka chigudumu inali ntchito ya anthu akuda, koma kugwira thabwa ndi kusewera ayi. Timu ya Rhodesia inkasewera m'mpikisano wa ku South Africa wotchedwa Currie Cup, ngati chigawo chimodzi cha kumeneko.

Zimbabwe inalandira ufulu mu 1980. Mu 1992 bungwe loyang'anira kiriketi padziko lonse la ICC linailola kusewera ma Test, ndipo masewera oyamba anachitika ku Harare mu October 1992, ndi India. Mwezi umenewo ife kuno timaukumbukira pa chifukwa china: pa 4 October 1992 ndi pamene anasainirana mtendere ku Rome, makolo athu nkuyamba kuganiza zobwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo. Anzathu akuyamba kusewera ndi maiko akuluakulu, ife tinali tikufunafuna pamene panali nyumba zathu.

Test yoyamba ya mumzinda wa Bulawayo sinachitikire pa Queens. Inachitikira pabwalo lina la Bulawayo Athletic Club mu November 1992, ndi New Zealand. Queens inalandira Test yake yoyamba mu October 1994, alendo ake a Sri Lanka. David Houghton wa Zimbabwe anamenya marani 266 yekha, ndipo masewerawo anatha popanda wopambana. Kuyambira pamenepo bwaloli linadziwika kuti dothi lake limakomera omenya. Mpira sunjanja mwaukali, umabwera mofatsa, ndipo woponya amatuluka thukuta tsiku lonse. Bulawayo ndi dera louma, madzi amavuta kawirikawiri mumzindamo, choncho kusunga udzu wobiriwira kumeneko si ntchito yamasewera. Kuzungulira bwalo kuli mitengo ikuluikulu ya mthunzi ndi zitunda za kapinga zimene anthu amakhalapo poonerera.

Masewera amene anatchukitsa Queens padziko lonse ndi a December 1996, pamene kunabwera England. Imeneyi ndiifotokoze bwino chifukwa imandisangalatsa. Pa Test timu iliyonse imamenya kawiri. Zimbabwe inapeza 376, England 406, Zimbabwe kachiwiri 234. Ndiye tsiku lachisanu England inkafunika marani 205 m'maova 37 kuti ipambane. Azungu a ku England anayamba kumenya mothamanga ndipo zinkaoneka kuti atha msanga. Anyamata a Zimbabwe anabalalika kukaima kumalire, oponya nkumaponya patali ndi thabwa kuti nthawi ithe. A England anadandaula nazo, koma oweruza sanaletse. Mpira womaliza weniweni, England ikufuna marani atatu. Woponya anali Heath Streak, mwana wa ku Bulawayo komweko, wa banja la alimi, wolankhula Chindebele bwinobwino. Womenya anali Nick Knight. Anamenya, nkuthamanga kamodzi, kawiri, koma pofuna kachitatu mpira unafika kale pa tizikhomo, ndipo anatuluka ali ndi 96. Powonkhetsa, Zimbabwe 610, England 610. Masiku asanu athunthu! Chiyambire ma Test mu 1877 zinali zisanachitikepo kuti nthawi ithe marani ali ofanana chonchi, timu yomenya isanatheretu. Zili ngati anthu awiri kulima chaka chonse, pokolola nkupeza matumba ofanana mpaka chitini chomaliza. Streak uja anamwalira mu September 2023.

Nanga anthu akuda analowa liti? Woyamba kusewera Test m'timu ya Zimbabwe anali Henry Olonga, mu 1995. Anabadwira ku Lusaka ku Zambia, bambo ake a ku Kenya, koma anakulira ku Bulawayo. Pa mpikisano wa dziko lonse wa 2003, womwe South Africa, Zimbabwe ndi Kenya anachititsira limodzi, Olonga ndi mnzake Andy Flower anavala kansalu kakuda pamkono ku Harare posonyeza kudandaula ndi mmene boma la Robert Mugabe linkayendetsera dziko. Pambuyo pa mpikisanowo onse awiri anachoka m'dzikomo. Wina angati masewera ndi ndale nzosiyana, koma apa zinakumana pabwalo.

Pa mpikisano womwewo Queens inalandira masewera atatu. Zimbabwe inagonja kwa Australia, inagonjetsa Netherlands, kenaka pa 4 March 2003 inakumana ndi Pakistan. Anangosewera maova 14 okha, mvula nkugwa osaleka. Mapointi anagawana, ndipo Zimbabwe inapita nawo chigawo chotsatira pamene Pakistan ndi England anabwerera kwawo. England inali itataya kale mapointi pokana kupita ku Harare. Ku Bulawayo kumene mvula imasowa, tsiku limenelo inabwera pa nthawi yake. Alimi anakondwa, osewera nawonso anakondwa.

Kenaka zinthu zinasokonekera. Chuma cha Zimbabwe chinagwa, ndalama yawo inasanduka mapepala, osewera ambiri odziwa anakangana ndi akuluakulu a bungwe lawo nkuchoka. Mu 2004 utsogoleri wa timu anaupatsa Tatenda Taibu, mnyamata wa zaka 20, munthu wakuda woyamba pa udindowo. Koma timu inali yanthete ndipo inkagonja moipa, mwakuti kumayambiriro kwa 2006 Zimbabwe inasiya kaye kusewera ma Test. Pa Queens, India itasewerapo mu September 2005, panadutsa zaka 6 popanda Test, mpaka Pakistan inabwera mu September 2011. Apa mpamene ine ndimaima nkuganiza. Zaka zimenezo m'masitolo munalibe buledi, anthu ankathawira ku South Africa ndi ku Botswana. Bwalolo lili pafupi ndi pakati pa tauni, malo abwino kwambiri. Koma silinagawidwe mapuloti, silinalimidwe chimanga. Alendo atabwerera analipeza lilipo.

Zaka zapitazi pachitika zambiri, ndingotola pang'ono. Mu March 2018 Zimbabwe inagonjetsa Afghanistan ndi marani awiri okha, anthu akuimba ndi kuvina m'zitunda muja, ndipo ambiri mwa iwo anali akuda, zidzukulu za omwe kale ankalowa ndi chikwakwa. Mu July chaka chomwecho Fakhar Zaman wa Pakistan anamenya 210 pa masewera a tsiku limodzi. Mu July 2023 kunali kulira, Scotland itagonjetsa Zimbabwe pomwepo nkuitsekera njira yopita ku mpikisano wa dziko lonse ku India. Mu February 2025 Blessing Muzarabani, mnyamata wamtali kuposa mamita awiri, anatulutsa yekha anthu 7 a timu ya Ireland pa ulendo umodzi, ngakhale kuti pamapeto Ireland ndiyo inapambana.

Ina yodabwitsa ndi ya July 2025. Wiaan Mulder, yemwe ankatsogolera South Africa, anamenya marani 367 osatuluka. Munthu amene anamenya ambiri pa Test ndi Brian Lara wa West Indies, 400, mu 2004. Mulder anatsala ndi 33 kuti amupeze, nthawi inalipo yambiri, linali tsiku lachiwiri chabe. Koma pa nthawi ya nkhomaliro analamula kuti timu yake yasiya kumenya pa 626, ponena kuti ulemu umenewo uyenera kukhalabe kwa Lara. Anthu anagawikana, ena amati ndi ulemu, ena amati wataya mwayi umene subwera kawiri. Ine ndikanakhala bambo ake ndikanamuuza kuti mwanawe, munda ukabereka umakolola wonse. Koma South Africa inapambanabe kutali, ndiye sitingamunene kwambiri. Mpikisano wa dziko lonse wa 2027 anaupereka kwa South Africa, Zimbabwe ndi Namibia.

Tsopano tibwerere kufupi ndi kwathu, chifukwa wina afunsa kuti nanga dziko lathu la Mozambique lili pati pa zonsezi. Timu tili nayo, abale anga, ya abambo ndi ya amayi yomwe. Mozambique inalowa m'bungwe la ICC mu 2003, ndipo Malawi nayo ili m'bungwemo. Mu 2018 bungweli linagamula kuti masewera a maova 20 a pakati pa maiko onse omwe ndi mamembala aziwerengedwa mofanana ndi a maiko akuluakulu. Choncho kuyambira pa 6 mpaka pa 10 November 2019 matimu athu anapita ku Malawi kukasewera chikho chotchedwa Kwacha Cup. Kwa abambo a maiko awiriwa, amenewa ndiwo anali masewera awo oyamba owerengedwa chotero. Malawi inapambana kasanu, ife kamodzi, ndipo amodzi sanathe. Amayi athu analimbako zedi: Malawi 4, Mozambique 3.

Koma funso langa ndi ili: anasewerera pati? Sitediyamu yaikulu ngati Queens panalibe. Abambo anayambira pa Lilongwe Golf Club, malo a gofu, nkupita ku Indian Sports Club ku Blantyre, nkumalizira pa Saint Andrews International High School. Amayi masewera awo onse 7 anasewerera pasukulu pomwepo. Mwamva? Pabwalo la sukulu! Mbendera ya dziko lathu inaimiridwa pabwalo la ana asukulu, ndipo zotsatira zake zinalembedwa m'mabuku omwemo mmene muli Lara ndi Mulder. Inde, imeneyo ndi sukulu ya anthu opeza bwino, sitingaiyerekeze ndi yathu ya njerwa zosawotcha. Komabe ndi bwalo la sukulu. Pano ku Blantyre kuli bwalo la kiriketi la TCA Oval, ndipo mu July 2025, mwezi womwe uja wa Mulder, kunabwera matimu a Tanzania, Bahrain ndi Germany kudzasewera ndi Malawi. Blantyre ili tsidya linalo la nyanja ya Chilwa. Ukadzera ku Entre-Lagos ndi Nayuchi ndi pafupi kwambiri kuyerekeza ndi Maputo.

Ndiye tiyeni tione lathu. Sindikunena kuti mawa tiyambe kiriketi ku Mecanhelas, thabwa lake tilibe ngakhale limodzi. Ndikunena za bwalo la pasukulu yathu, pamene ana amamenyera mpira wamiyendo, atsikana kusewera fulaye, pomwe timachitira misonkhano ndi katemera wa ana. Ife tikuphunzira, munthu ukaima pagolo ina mnzako wa pagolo inayo umachita kumukuwira. Lero pitani mukaone. Kummawa mizere ya chinangwa yalowa, chaka chilichonse iwiri kapena itatu. Kumadzulo kuli maenje a oumba njerwa, ndipo mvula ikagwa mumadzaza madzi ndi udzudzu. Pakati padutsa njira ya ngolo ndi njinga zamoto. Golo imodzi yasunthidwa kawiri kuthawa mizere. Sinditchula munthu, chifukwa palibe amene analanda tsiku limodzi. Aliyense amati mzere umodzi wokha sungapweteke, ndipo njala timaidziwa tonse, munda ukachepa mtima umawawa. Koma mizere iwiri pachaka, pakatha zaka khumi ndi mizere 20, ndipo mzere uliwonse umadya pafupifupi phazi lalikulu limodzi. Werengani nokha.

A ku Bulawayo anali ndi mpanda ndi mapepala a malo. Ife tilibe mpanda, koma tili ndi a mfumu amene akudziwa pamene makolo anaponda popereka malowo, ndipo alipo agogo awiri kapena atatu amene analipo tsikulo. Akadzapita amenewa, mboni idzakhala ndani? Pempho langa kwa a wapampando ndi lakuti kalabu yathu ipemphe a mfumu, a mkulu wa sukulu ndi komiti ya makolo kuti tiyende nawo malire onse mvula isanagwe, agogo aja ali kutsogolo. Tiyeze ndi chingwe, aphunzitsi alembe mamita ake m'buku la sukulu, pepala lina likhale kwa a mfumu. M'malire tibzale khonje kapena nkhadze, m'makona mitengo ya mthunzi. Amene chinangwa chawo chalowa tisawazulire, akolole kaye chaka chino, kenaka abwerere m'malire mwawo. Maenje a njerwa tikwirire ndi dothi la pachulu chija chili kuseri kwa zimbudzi. Anyamata a timu ya mpira ndalankhula nawo kale, akuti makasu abweretsa okha, ife tingowaphikira phala.

Ndipemphenso anzathu a ku wailesi kuti tsikulo adzabwere ndi chojambulira mawu, a mfumu akamatchula malire mawu awo adzamveke m'midzi yonse. Ine khonje ndili naye kumunda kwanga, mbande zokwana mbali yonse ya kummawa ndipereka ulere, koma pafunika ngolo yokatengera. Amene ali ndi ngolo aonane nane tikatha pano.